Thonje timalima, ulusi timagula

Chaka chilichonse kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Julayi, minda ya ku Golomoti, Mtakataka ndi chigwa cha Bwanje imayera mbee ndi thonje. Mabanja amatola, amasankha, amapondera m'matumba, kenaka ogula amafika ndi sikelo zawo, thonje n'kukwera galimoto. Kwa mlimi, ulendo wa thonje umathera pa sikelo pomwepo. Madzulo a tsiku lomwelo, mayi wa pabanjapo akafuna kusoka yunifolomu ya mwana yomwe yang'ambika, amatuma mwana kugolosale kukagula ulusi wopangidwa kunja kwa dziko lino. Mwana amene wakhala tsiku lonse m'munda wa thonje sadziwa kuti ulusi umene wanyamulawo ukanatha kutuluka m'zala zake zomwe.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tikuti luso lopota thonje pamanja, ndi lonyika ulusi mu utoto wochokera ku zomera, liyenera kubwerera. Liyambe m'manja mwathu ngati chochita cha pa nthawi yopuma, monga momwe ena amasewerera bawo kapena mpira, kenaka tilitengere kusukulu zimene tikaphunzitse, makamaka za m'madera olima thonje. Tikudziwa kuti ena amva ngati tikufuna kubweza dziko m'mbuyo. Tikupempha kuti muyambe mwamva zifukwa zathu.

Ku Ulaya, ku America ndi ku Australia kuli anthu ambiri, ena a iwo madokotala ndi aphunzitsi, amene akaweruka kuntchito amakhala pansi n'kumapota ubweya wa nkhosa pamanja. Amauchapa, amaupesa, amaunyika mu utoto umene apanga okha, n'kuluka majuzi ndi zipewa. Amachita izi ali ndi masitolo odzaza ndi zovala pafupi, ndipo amalipira ndalama kuti wina awaphunzitse. Kuno sitingawatsanzire ndendende chifukwa nkhosa zathu za m'midzi ndi za bweya waufupi wonga wa mbuzi, wosapoteka. Nkhosa za ubweya wopota zimawetedwa kwambiri ku Lesotho ndi ku South Africa. Ngakhale wulu amene amayi amagula polukira makanda mashawelo ndi masokosi, wambiri mwa iye sanakhudzepo nkhosa, amapangidwa m'fakitale kuchokera ku mankhwala a mafuta a pansi. Chimene ife tili nacho chochuluka ndi thonje, ndipo pa thonje makolo athu anali akatswiri.

David Livingstone atalowa mu mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ndi kuwomba nsalu m'midzi yambiri imene anadutsamo. Analemba za mitundu ya thonje imene anaiona, wina wotchedwa thonje manga, wochokera kunja, ndi wina wotchedwa thonje kaja, wa konkuno, umene anati ukaugwira m'manja umamveka ngati ubweya wa nkhosa. Anafotokozanso kachitidwe kake. Njere ankachotsa ndi zala kapena pogubuduza kachitsulo pa kathabwa, thonje n'kulikoka kukhala lalitali lofewa, kenaka n'kulipota pa kamtengo kozungulira. Kachida kopotera ulusi kameneka akale ankakatchula kuti njinga, njinga yopalasayi isanafike m'dziko muno. Ndipo amene ankaoneka kawirikawiri akupota ndi kuwomba anali amuna. Anyamata a pakoleji pano amene akuganiza kuti nkhaniyi ndi ya atsikana okha aikumbukire mfundo imeneyi.

Luso limeneli ndi lakale kuposa nthawi ya Livingstone. Ku Ingombe Ilede, m'chigwa cha Zambezi m'dziko la Zambia, ofukula zakale anapeza zidutswa za nsalu m'manda a zaka mazana angapo apitawo. Amalonda a Chipwitikizi a ku Tete ndi Sena ankagula nsalu yolimba ya thonje yotchedwa machila, yowombedwa ndi anthu a m'chigwa cha Shire, n'kumakaigulitsa kwina.  Kufupi ndi Golomoti, ku Mankhamba m'dera la Mtakataka, kunali likulu la Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi, ndipo katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anapezako mikanda ya galasi, zidutswa za mbale za ku China, mkuwa ndi minyanga. Dera limene lero ena amaliona ngati pongodutsa popita ku Salima kapena ku Monkey Bay linali pakati pa malonda a anthu odziwa kupanga zinthu ndi manja awo.

Chinapha lusoli n'chodziwika. Nkhondo za ukapolo ndi njala ya m'ma 1862 ndi 1863 zinabalalitsa midzi ya m'chigwa cha Shire. Nsalu za m'mafakitale, kuyambira merikani wobwera ndi amalonda a kugombe mpaka nsalu za ku Britain ndi India zogulitsidwa m'masitolo a Mandala ndi a amwenye, zinali zotsika mtengo kuposa nsalu imene munthu wakhalira masabata ambiri. Boma la atsamunda, mothandizana ndi bungwe la British Cotton Growing Association lomwe linakhazikitsidwa mu 1902, linkafuna thonje losapota loti likadyetse makina a ku Lancashire. Mlimi anasanduka wolima ndi wogulitsa basi. Dziko litalandira ufulu, fakitale ya David Whitehead and Sons inatsegulidwa ku Blantyre mu 1967 ndipo inkapota ndi kuwomba thonje lathu, koma itafooka inagulitsidwa mu 2003. Lero thonje lambiri limatuluka m'dziko muno atangolichotsa njere, ife n'kumavala kaunjika.

Tsono mphunzitsi zikumukhudza bwanji? Pa maphunziro athu timauzidwa kawirikawiri za TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lomwelo. Ambiri a ife tikamva mawuwa timaganiza za zitsekerero za mabotolo zowerengera masamu ndi makatoni olembapo zilembo. Koma kwa mphunzitsi amene watumizidwa ku Golomoti, chinthu chopezeka m'dera chimene mwana aliyense amachidziwa kuyambira pobzala mpaka potola ndi thonje. Sukulu zambiri za kumudzi zilibe chipinda cha sayansi chokhala ndi zipangizo zokwanira, koma zazunguliridwa ndi minda.

Tengani kilogalamu imodzi ya thonje monga lachokera kumunda. Ana achotse njere ndi manja, kenaka ayeze njere pazokha ndi thonje loyera palokha. Adzapeza kuti thonje loyeralo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, kapena kuposerapo pang'ono, ndipo chotsalacho ndi njere. Pamenepo aphunzira magawo ndi maperesenti ndi zala zawo. Aphunziranso chinthu chimene chimakhudza thumba la makolo awo, chakuti wogula akalipira mtengo umodzi pa kilogalamu amatenga katundu wa mitundu iwiri, pakuti njere zija amayengera mafuta ophikira ndipo zotsalira zake amadyetsa ng'ombe. Mwana wa mlimi amene wadziyezera yekha zimenezi adzamva bwino zimene zikukambidwa pa wailesi nthawi yolengeza mitengo ya thonje, ndipo tsiku lina atakhala mu komiti ya kalabu ya alimi adzafunsa mafunso oyenera.

Kupota kwenikweniko ndi phunziro la Physics. Kaubweya kamodzi ka thonje n'kakafupi, masentimita awiri kapena atatu basi, ndipo ukakoka thonje losapota limangothothoka. Ukalipota, tiubweya tija timapanikizana n'kugwirana, moti ulusi umatha kutalika mamita ambirimbiri osaduka. Ukapota pang'ono ulusi umamasuka, ukapota mopitirira umapindikapindika n'kuduka. Chopotera chake n'chosavuta kupanga. Pamafunika kamtengo kowongoka kotalika ngati pensulo yatsopano kapena kuposerapo, ndi kachinthu kozungulira kobowola pakati, kaya phale losema bwino, kaya dongo lowotcha, kaya chidutswa cha chipanda. Kulemera kwa kachinthu kameneka ndi kumene kumachititsa kuti kamtengo kazungulire nthawi yaitali ukangokapotokola kamodzi. Mwana akasintha phale lalikulu n'kuikapo laling'ono, aona yekha kusiyana kwake, ndipo mphunzitsi safunikanso kujambula zambiri pa bolodi.

Utoto ndiye umatilowetsa mu Chemistry. Thonje lili ndi timafuta ndi phula lachibadwa zimene zimakaniza madzi, choncho ulusi umayenera kuphikidwa kaye m'madzi a phulusa. Madzi amenewa ndi chidulo chomwe chija amayi amathira mu therere. Ukatero, utoto umapezeka pakhomo pomwepo. Makoko a anyezi amapereka mtundu wachikasu wopita kofiirira. Njere za mapeyala zimapereka mtundu wofiira mopepuka. Masamba a bulugama ndi utuchi wa mlombwa kapena mbawa zimapereka mitundu yofiirira yosiyanasiyana. Mukaviika misomali yadzimbiri m'madzi osakaniza ndi mandimu kwa masiku angapo, n'kuthira madziwo pa ulusi umene waphikidwa kale m'makungwa kapena m'masamba a bulugama, ulusiwo umada pomwepo ana akuona, chifukwa chitsulo chimagwirana ndi mankhwala owawa aja amene ali m'makungwa. Anthu a ku Mali amagwiritsa ntchito nzeru yomweyi popanga nsalu yawo yotchuka ya bogolan, pomwe chitsulocho chimachokera m'matope. Madzi a chidede nawo ndi mphunzitsi wabwino. Ukathiramo mandimu amafiira kwambiri, ukathiramo chidulo amasanduka obiriwira. Pa nsalu mtundu wa chidede sukhalitsa, umasuluka ndi dzuwa ndi sopo, koma pophunzitsa za asidi ndi zotsutsana naye, chidede chimagwira ntchito imene timadikira kuti mankhwala ogula adzagwire. Ndipo funso lakuti n'chifukwa chiyani mtundu wina ukusuluka pomwe wina ukukhala ndi poyambira kafukufuku weniweni amene ana a Fomu 2 angathe kuchita, kuchapa tizingwe kasanu, kuyanika tina padzuwa tina pamthunzi, n'kulemba zimene aona.

M'mbiri ya dziko lapansi, pafupifupi utoto wonse unkachokera ku zomera, tizilombo ndi miyala mpaka chaka cha 1856, pomwe William Perkin wa ku London anapanga utoto woyamba wa m'fakitale. Anali ndi zaka 18, wocheperapo kuposa ambiri a ife, ndipo anaupeza akuyesayesa zinthu kunyumba pa nthawi ya tchuthi. Mwana wa ku Golomoti amene waphika yekha utoto angaimve bwino nkhani imeneyi kuposa amene wangoiloweza pokonzekera mayeso.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo zina n'zoona. Yoyamba ndi yakuti kupota pamanja sikungaveke dziko. Tikuvomereza. Kuti munthu apote ulusi wokwanira chitenje chimodzi cha mamita awiri amafunika masabata, pomwe pa msika wa Golomoti angathe kugula malaya a kaunjika ndi ndalama ya ganyu wa tsiku limodzi kapena awiri. Aliyense amene angauze amayi a m'mudzi kuti alemera ndi ulusi wopota pamanja akuwanamiza. Dziko likufunika mafakitale opota ndi kuwomba, ndipo ifenso tikuwafuna. Koma mafakitale amayendetsedwa ndi anthu odziwa thonje, odziwa kusiyanitsa ulusi wabwino ndi woipa, okonda kufufuza chifukwa chimene chinthu chikudukira. Anthu otero amayamba ali ana. M'mera mpoyamba. Sitiletsa ana kulima dimba la sukulu ndi khasu pa chifukwa chakuti kunja kuli mathirakitala.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti nthawi ya sukulu ndi yochepa kale, silabasi ndi yaitali, ndipo mayeso a MANEB safunsa za kupota. Ife sitikupempha phunziro latsopano. Ku pulayimale kuli kale Expressive Arts, komwe ana amayenera kuluka, kuumba ndi kusoka. Ku sekondale kuli Agriculture, Chemistry, Physics ndi History, ndipo sukulu zina zili ndi Clothing and Textiles. Zimene tafotokoza pamwambazi zikulowa m'mitu imene ilipo kale. Zotsalazo zichitikire ku kalabu ya masana, pamodzi ndi makalabu ena a zisudzo, zachilengedwe ndi mtsutso.

Mfundo yachitatu imanenedwa monong'ona koma ndiyo yamphamvu kuposa zonse. Ambiri a ife tinapita kusukulu kuti tithawe ntchito za manja. Makolo athu anagulitsa mbuzi ndi thonje lomwelo kuti ife tigwire cholembera, ndiye kumuona mwana wa kukoleji atakhala pakhonde akupota kungaoneke ngati fizi inapita pachabe. Manyazi amenewa tiyenera kuwayang'ana bwinobwino, chifukwa ndi omwenso amachititsa kuti mwana wa mlimi azinyoza ntchito imene ikumulipirira sukulu. Mahatma Gandhi anali loya wophunzira ku London, koma ankapota thonje tsiku ndi tsiku ndipo analimbikitsa amwenye anzake kutero, mpaka chopotera chinasanduka chizindikiro cha nkhondo yawo yofuna ufulu. Thomas Sankara, amene analamulira Burkina Faso kuyambira 1983 mpaka 1987, analamula ogwira ntchito m'boma kuti azivala nsalu yowombedwa m'dzikomo yotchedwa Faso dan Fani, ndipo mpaka lero anthu a kumeneko amaivala monyadira. Ku Ethiopia amayi ambiri akupotabe thonje pamanja, amisiri n'kuwomba nsalu zoyera zimene anthu amavala pa zikondwerero. Palibe amene amati maiko amenewa ndi otsalira chifukwa cha zimenezi. Ku Golomoti komweko kuli malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 20 amene anayamba kugwira ntchito mu 2022, ndipo minda ya thonje ili nawo pafupi popanda kulimbana.

Chitsanzo cha momwe luso limapulumukira chili pa mtunda waufupi kuchoka ku Golomoti. Ku Mua, komwe mishoni inakhazikitsidwa mu 1902, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zachikhalidwe ndi luso a Kungoni mu 1976. Kumeneko osema mitengo anapeza pophunzirira, pogwirira ntchito ndi pogulitsira, ndipo lero zosema za ku Mua zimadziwika kutali. Kusema kunapeza nyumba ndi aphunzitsi. Kupota ndi kuwomba sikunapeze mwayi wotere, ndipo n'chifukwa chake ambiri a ife timangokumva m'mabuku a mbiri. Komabe manja a anthu a m'dera limeneli sanaiwale zonse. Agogo akupotabe chingwe cha khonje pantchafu. Asodzi a kunyanja, amene makolo awo ankapota ulusi wa maukonde kuchokera ku bwazi, akusokabe maukonde awo. Oluka mikeka, madengu ndi zipewa za mlaza amene timawaona m'mbali mwa msewu wa M5 amadziwa kale kunyika mlaza mu utoto kuti uoneke bwino. Mphunzitsi wanzeru angawaitane anthu amenewa kusukulu ngati alendo olemekezeka, kuti ana aone kuti m'mudzi mwawo muli akatswiri.

Pali zoyenera kusamala. Thonje limapoperedwa mankhwala ambiri ophera tizilombo, choncho ana azisamba m'manja akaligwira ndipo ulusi uzichapidwa bwino. Mphika wophikira utoto usabwererenso kukhitchini. Makungwa asasendedwe mozunguliza mtengo wamoyo, chifukwa mtengo wotero umauma, ndipo mapiri a pamwamba pa Golomoti ataya kale mitengo yambiri chifukwa cha makala. Utuchi wa kwa kalipentala, masamba ogwa ndi zotaya za kukhitchini n'zokwanira. Chinanso, kalabu isasanduke njira yogwiritsa ana ganyu. Mphunzitsi asatume ana kukatola thonje m'munda mwake ponamizira phunziro, ndipo chilichonse chimene ana apanga chikhale chawo. Thonje lofunika pa kalabu yonse kwa teremu ndi lochepa, makilogalamu awiri kapena atatu, loti komiti ya sukulu ingathe kugula kwa mlimi pa mtengo wake.

Sitingaphunzitse chimene sitidziwa, choncho ntchito iyambire pakoleji pano. Amene kwathu ndi ku Golomoti, Mtakataka, Salima, Balaka, Chikwawa kapena Nsanje, tikapita kutchuthi tikabwere ndi kathumba ka thonje, tikafunsenso agogo athu zimene akukumbukira, mayina a zida, mitengo imene ankatengako utoto ndi momwe ankachitira, n'kuzilemba m'kope. Anzathu a sayansi atithandize pa za utoto, a History atifufuzire za machila ndi Mankhamba. Tizikumana ola limodzi pa sabata, Lamlungu masana. Masiku oyamba ulusi uziduka ndipo uzituluka wonenepa apa wowonda apo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakutha pa teremu aliyense adzakhala ndi kachingwe kake, kaya kosokera batani, kaya kolukira kachikwama ka foni, ndipo podzapita kukayeserera uphunzitsi adzanyamula phunziro limene angathe kuliphunzitsa pansi pa mtengo, popanda magetsi kapena ndalama za zipangizo.

Akuluakulu a dipatimenti ya zamaphunziro tikuwapempha zinthu ziwiri zokha, chipinda chokumaniramo ndi chilolezo choti amene akufuna awerengeredwe ntchito imeneyi ngati chimodzi mwa zipangizo zophunzitsira zimene timayenera kupanga tisanapite kumasukulu. Thonje, miphika yakale ndi makoko a anyezi tipeza tokha.